Kodi Mawu a ku Mughese Amafika ku Boma?

Sabata ino tikambirane za khansala ndi khutu lake. Pa 16 September 2025 tidaponya voti yosankha pulezidenti, phungu ndi khansala. Mwa atatuwa, khansala ndiye amakhala pafupi nafe. Timakumana naye pa maliro, pamsika ngakhale panjira yopita kumunda wa khofi. Funso lathu ndi ili: akamapita ku msonkhano wa khonsolo ya Chitipa, amanyamula maganizo a ndani, ndipo amawatola bwanji?

Njira yake ilipo, ndipo idalembedwa. Mu 1998 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Pansi pa gulupu aliyense pamakhala komiti ya chitukuko ya m'mudzi, yomwe timaitcha VDC. Anthu amasonkhana, amatchula mavuto awo, ndi kugwirizana loyamba kulithetsa. Zimenezi zimapita ku komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, ADC, yomwe kwathu kuno ndi ya Mwenemisuku. Kuchokera kumeneko zimakalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse, ndipo makhansala amakambirana ndi kuvomereza bajeti. Pa pepala, mawu a mayi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese angathe kuyenda mpaka kukafika pa tebulo la khonsolo.

Koma tiyenera kukumbukira kuti njirayi idakhala nthawi yaitali yopanda mwini wake. Makhansala amene adasankhidwa mu 2000 adatsiriza ntchito yawo mu 2005, ndipo dziko lidakhala popanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Pa zaka zimenezo anthu adazolowera kudikira phungu pa chilichonse, makamaka thumba la CDF litayamba mu 2006. Chizolowezi chimenechi sichidathe. Mu 2025 khoti lalikulu lidagamula kuti aphungu asamayendetse ndalama za CDF ndiponso asamavote m'makhonsolo. Mkangano wa pakati pa aphungu ndi makhansala ndi wawo. Chathu ife n'chakuti aliyense wogwira ndalama za chitukuko ayambe watifunsa.

Apa ndi pomwe pali vuto. Kumva anthu pa maliro kapena pa gulu la WhatsApp si kulakwa, koma kumeneko amamveka ndi amene ali ndi foni, kapena amene ali ndi mpando kutsogolo. Msonkhano ukaitanidwa dzulo lake, wa kutsidya kwa chigwa sakwanitsa kufika. Ukaikidwa m'mawa pa nyengo yothyola khofi, amayi ndi achinyamata amakhala ali kumunda. Ukachitika m'Chingerezi kapena m'Chichewa chokha, agogo amene amaganiza m'Chisukwa ndi m'Chindali amangogwedeza mutu. Ndipo nthawi zina alendo amabwera atasankha kale ntchito, n'kutipempha kuti tiwombe m'manja. Kumeneko si kufunsa anthu, ndi kuwadziwitsa chabe.

Ena anganene kuti khansala ndi munthu mmodzi, wodi ndi yaikulu, mapiri a Misuku ndi otopetsa, ndipo ndalama za mafuta n'zochepa. N'zoona. Amene adayendapo mumsewu wochokera ku Kapoka mvula ikugwa sangatsutse. Koma n'chifukwa chake tikufuna dongosolo lokhazikika, kuti kumva anthu kusadalire kumene njinga yamoto yafika tsiku limenelo.

Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, khansala akhale ndi masiku odziwika oyendera midzi ya magulupu, ndipo masikuwo alengezedwe msanga kudzera mwa mafumu, m'matchalitchi onse ndi m'masukulu. Chachiwiri, pa msonkhano amayi, achinyamata ndi anthu olumala apatsidwe mpata woyamba kukambirana paokha, kenaka abweretse mfundo zawo pagulu, pakuti ulemu umatseka pakamwa ambiri pamaso pa akuluakulu. Chachitatu, khansala azibwerera kudzatiuza zotsatira: chomwe chavomerezedwa, chomwe chakanidwa, chifukwa chake, ndi ndalama zomwe zaperekedwa. Yankho lakuti "sizidatheke chaka chino" n'labwino kusiyana ndi kungokhala chete. Ndiponso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho kufunsa za bajeti si mwano.

Komabe tisaloze chala kwa ena okha. Ndi angati mwa ife adapitako ku msonkhano wa VDC? Ambiri timati ndi za akuluakulu, kapena timafunsa kaye ngati kuli alawansi. Tikasowa kumeneko, ena amatisankhira, ndipo timadandaula ntchito itatha kale. Makolo athu adati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Mlatho wosamangidwa ndi ife tidzawoloka mtsinje wake titasenza khofi, ndipo kalasi yopanda denga adzaphunziramo ang'ono athu.

Tili nalo luso lofunika. M'miphakati mwathu tidaphunzira kukhala pa bwalo, kumvetsera wina akamayankhula, ndi kulemba zimene tagwirizana. Titenge luso lomweli kupita nalo ku bwalo la mudzi. Sabata ino aliyense afunse kwa a gulupu tsiku la msonkhano wotsatira wa VDC. Tisanapite, tikumane, tisankhe mavuto awiri okha amene akutipweteka kwambiri, tiwalembe, ndipo pepala lina tisunge. Pakatha miyezi itatu tikafunse mwaulemu kuti nkhani yathu yafika pati.

Khalani ndi sabata yabwino, ndipo tikaonane ku bwalo.