Dzira ladula, koma kuseri kwa nyumba kuli malo

Amene amagula ndiwo pa Chitungwiza Town Centre akudziwa kuti thireyi ya mazira 30 siigulika mwachisawawa masiku ano. Gwero la kudulaku ndi chakudya cha nkhuku, chomwe chimapangidwa ndi chimanga ndi soya. Mbewuzi zikasowa, monga zinachitikira pa chilala cha El Niño cha 2024, mtengo wa dzira umakwera. Nthenda nazo sizigona: mu 2017 chimfine cha mbalame chinagwa pa famu ya Irvine's, nkhuku zambirimbiri n'kuphedwa.

Choncho ife tikuti mabanja a ku Zengeza, St Mary's ndi Seke ayambe kudzilimira ndiwo. Makolo athu ochokera ku Nyasaland ankadziwa ntchito ya dimba, nanga ife tilekerenji? Thumba lodzaza dothi limabereka repu, mpiru kapena bonongwe. Nkhuku zachikuda zochepa zimakhuta madeya ndi zotsala za m'mbale, chitosi chake n'kukhala manyowa.

Chovuta chenicheni ndi madzi. Chitungwiza imadalira madzi ochokera ku Harare, ndipo mipopi imauma masiku ambiri. Madzi otsukira ndiwo ndi mpunga asamatayidwe, tizithirira mbewu. Koma khonsolo nayo ikonze mijigo yowonongeka, chifukwa mayi wopanga mzere pa mjigo m'bandakucha sangathirire masamba ana asanamwe.