Lembani mtengo pabolodi, kasitomala asachite kufunsa

Aliyense amene adadutsapo msewu wa Makata mumzinda wa Blantyre nthawi ya nkhomaliro akudziwa piringupiringu amene amakhalapo. Ikangokwana 12 koloko, antchito amatuluka m'mafakitale ali ndi njala komanso changu. Panja pamakhala patadzaza kale amayi a nsima, anyamata a chiwaya, ogulitsa nthochi, mandasi ndi thobwa. Onsewa amalimbirana anthu omwewo, amene nthawi yawo yopuma ndi yochepa ndipo ndalama ya m'thumba adaiwerenga kale m'mawa pochoka kunyumba.

Alamu anga ndi mmodzi mwa amayi ogulitsa nsimawo. Amachokera ku Ndirande atasenza mapoto. Chaka chatha adatenga ngongole kubanki m'khonde kuti akuze geni, ndipo mwana wawo adawanyengerera kuti agule chimkuzamawu chija chojambula mawu, chomwe chimangobwereza chinthu chimodzi tsiku lonse. Ndidawaletsa, koma adati ine ndi munthu wa m'ofesi, za malonda sindizidziwa. Chimkuzamawu chidagulidwa. Patatha mwezi, odya adali omwe aja, oyandikana nawo adayamba kuwayang'ana ndi diso lofiira kaamba ka phokoso, ndipo tsiku lobweza ngongole lidali litayandikira.

Maganizo anga ndi akuti kutsatsa malonda kotsika mtengo kuposa kwina kulikonse ndi kabolodi kakuda ndi choko. Palembedwe dzina la geni, zimene zilipo lero, ndi mtengo wake. Basi.

Taganizirani bambo amene watuluka m'fakitale ali ndi ndalama yokwanira mbale imodzi. Bambo ameneyu amaopa kufunsa mtengo pamaso pa anzake, kuopa kuti auzidwa wokwera kenaka n'kubwerera chamanyazi. Tsono amapita pamene adazolowera, ngakhale ndiwo zake zikhale zosakoma, chifukwa kumeneko akudziwa kuti ndalama yake ikwana. Inu mukhoza kukuwa mpaka kusasa mawu kuti nsima yanu ndi yotentha. Iye zoti ndi yotentha sakukayika. Chimene akufuna kudziwa ndi chakuti ndi zingati.

Palinso matenda ena amene ife ochita geni timawakonda, otchula mtengo poona nkhope. Wovala tayi wake mtengo, wovala ovolosi wakenso. Timaona ngati tachenjera. Koma ku Makata anthu awiriwa amagwira ntchito pakampani imodzi ndipo amakwera minibasi imodzi pobwerera. Tsiku lomwe adzafunsane, mwataya onse awiri pamodzi ndi anzawo omwe adzawauze.

Ndikudziwa zimene ambiri anene. Ati mitengo masiku ano siikhazikika, ndipo akunena zoona. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense wogula ufa, mafuta ophikira ndi makala adaumva ululu wake. N'chifukwa chake ndikunena choko osati penti. Choko mumafufuta ndi kansanza konyowa. Ena ati mnzanga wa pafupi akaona mtengo wanga atsitsa wake. Anthuni, mnzanuyo mtengo wanu akuudziwa kale, adatuma mwana dzana kudzagula. Amene sakuudziwa ndi kasitomala yekha. Za kunenerera ndiye sindikutsutsa. Pa kaunjika, kapena pa mipando ndi mbaula za amisiri a ku Ndirande, kunenerera ndi mbali ya malondawo. Komabe lembani poyambira, munthu adziwe ngati kuima kuli ndi phindu. Paja eni sitolo zikuluzikulu bungwe la Competition and Fair Trading Commission limawakumbutsa kawirikawiri kuti azionetsa mitengo. Ife a geni zing'onozing'ono tisadikire kukumbutsidwa.

Chimatisokoneza n'chakuti timafuna kutengera makampani amene tayandikana nawo. Fakitale ya mowa ya ku Makata idatsegulidwa ndi Carlsberg mu 1968, ndipo mu 2016 idapita m'manja mwa Castel, yomwe mu 2023 idayambitsa chikho cha mpira cha Castel Challenge Cup. Makampani otere amalipira zikho, mawailesi ndi zikwangwani zikuluzikulu za mumsewu wa Masauko Chipembere chifukwa makasitomala awo ali ku Karonga, ku Mchinji mpaka ku Nsanje, ndipo sadzawaona ndi maso. Inu a nsima makasitomala anu amadutsa pafupi ndi poto wanu kawiri patsiku. Simukusowa kuti akumveni. Mukusowa kuti akukhulupirireni.

Dzina nalo si nkhani yamasewera. Munthu amene wadya bwino amafuna kuuza mnzake, koma amuuza bwanji? "Pitani kwa amayi aja a pafupi ndi mtengo uja" si adiresi. Amene mukukumbukira Operation Dongosolo ya mu 2006, pamene boma la Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda, mudaona momwe malo ogulitsira amathera tsiku limodzi. Wogulitsa amene ankadziwika ndi ngodya ya msewu yokha adayambiranso pachiyambi. Amene ankadziwika ndi dzina anthu adamufunsira mpaka kumupeza. Lero zidaphwekanso, chifukwa pansi pa dzinalo mukhoza kulembapo nambala ya foni yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mukasamutsidwa nambalayo imasamuka nanu.

Amene muli ndi foni za WhatsApp, ikani chithunzi cha ndiwo za lero cha m'ma 11 koloko, anthu asadaganize kodya. Koma chonde lembani mtengo pomwepo. Chizolowezi chija chomati "mtengo ku inbox" ndi matenda omwe aja a mtengo wa nkhope, angovala zovala zatsopano.

Bolodi lili ndi vuto limodzi, ndipo ndi bwino ndilinene. Limakumangani. Mukalemba mtengo wa mbale, mbaleyo ikhale yomweyo Lolemba ndi Lachisanu, pakati pa mwezi ndi pakutha pa mwezi. Zinthu zikakwera, fufutani mulembe mtengo watsopano poyera, osati kuchepetsa chipande mwakachetechete. Wantchito wodya pamalo amodzi tsiku ndi tsiku amaudziwa mtanda wa nsima kuposa sikelo. Ndipo ngati phindu lalola, kabanyira ka masamba kapena supuni ya nyemba kwa kasitomala wokhazikika n'kotchipa kuposa mabatire a chimkuzamawu.

Alamu anga adakapempha chidutswa cha thabwa kwa kalipentala wina ku Ndirande, adachipaka penti yakuda, ndipo mdzukulu wawo wa Sitandade 6 ndiye amalembapo m'mawa uliwonse asadapite kusukulu. Sindinama kuti alemera. Ngongole ija akubwezabe pang'onopang'ono. Koma akuti masiku ano pamabwera nkhope zachilendo, anthu ongoima, kuwerenga bolodi, kupisa m'thumba n'kukhala pabenchi osafunsa kanthu. Chimkuzamawu chija adachipereka kwa amfumu a m'dera lawo, akulengezera misonkhano ndi maliro.