Galu Naye Afuna Bwalo Losesa

M'midzi mwathu munthu akafuna kunyoza mnzace amati, "Galu iwe!" Koma galu yemweyo ndiye agona panja usiku wonse kulonda mbuzi ndi nkhuku, eni ace ali m'tulo. Ine nditi uve wa galu ngwa mbuye wace, ndipo amene alekerera galu wace aika ana ace omwe pangozi.

Tayang'anani pogona pace. Agalu ambiri agona paphulusa kapena pansi pa nkhokwe, m'pfumbi m'mene muswana utitiri ndi matekenya. Tekenya sasankha phazi; lero ali mwa galu, mawa ali m'cala ca mwana. Tsono nkwabwino kummangira galu kakhumbi kosadontha, kumuyalira ciguduli, ndi kumaciyanika padzuwa kawiri-kawiri. Nkhupakupa tizimcotsa zisanakhute.

Cinanso ndico ndowe zace. M'menemo mumakhala mazira a njoka za m'mimba, ndipo khanda lokwawa pabwalo limaika dothi lomwelo m'kamwa. Kuola ndowe ndi khasu m'mawa ndi kuzikwirira si nchito yolemetsa ai. Dzala nalo likhale lakuya, pakuti zitini ndi mabotolo osweka zimaceka mapazi. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka nalasa matumbo. Mankhwala a makoswe tiziika posafika galu, ndipo khoswe wakufa nawo timkwirire msanga, cifukwa galu akamudya akhoza kufa naye.

Koma coopsa koposa ndi ciwewe. Galu wosapatsidwa cakudya ndi madzi pakhomo amayendayenda m'madzala a eni, nalumana ndi agalu acilendo kapena nkhandwe, nabwera nayo nthendayo kwao. A bungwe la World Health Organization ati ciwewe cimapha anthu ngati 59,000 caka ciri conse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupi-fupi onsewo acitenga kwa agalu. Zizindikiro zikaoneka, mankhwala palibe. Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu mwa katemera m'caka ca 1885, koma ife kufikira lero ticita ulesi kupita ndi galu kukabayitsa. M'caka ca 2015 a Mission Rabies anatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre pa masiku 20 okha. Akatswiri ati agalu 70 mwa 100 ali onse akatemeredwa, nthendayi imaleka kufala. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, nathamangire ku cipatala tsiku lomwelo.

Ena adzati, "Ife tomwe tisowa ndiwo, nanga galu timsamale ndi ciani?" Mau amenewa ngomveka, koma tsace ligulidwa ndalama zingati? Phala la gaga, madzi m'phale loyera, ndi mpanda wa udzu kapena wa bango, zonsezi ziri m'manja mwathu. Kummanga pa unyolo tsiku lonse padzuwa sikusamala konse, kumangomsandutsa wolusa. Amene sangathe zazing'onozi, kuli bwino asawete galu.

Anzanga, akulu anati cakudza siciyimba ng'oma. Ife taphunzira za tizilombo m'kalasi. Nzeruzo zisathere m'makope. Pa chuthi cikudzaci tiyeni titenge tsace ndi khasu, tifunsenso kwa alangizi a ziweto tsiku la katemera, kuti mlonda wathu akhale wamoyo, ndi ang'ono athu asewere pabwalo opanda mantha.