Nafenso a sukulu zoyendera tizibwerera kumene tinaphunzira

Anzathu amene anaphunzira pa Zomba Catholic, ija amati Box 2, yomwe inatsegulidwa mu 1942, satopa kuitchula sukulu yawo. Ngakhale imvi zili mbuu, akakumana nkhani ndi yomweyo, ndipo amasonkherana kukathandiza kumene anachokera.

Nanga ife a sukulu zoyendera, ma CDSS? Ine ndinalemba mayeso a Fomu 4 pa ina mwa sukuluzi kufupi ndi Songani, fizi ikuchokera m'matemba a ku Chilwa amene mayi ankagulitsa pamsika. Koma ndiulule: kwa zaka zambiri, munthu akandifunsa kumene ndinaphunzira, ndinkangoti "ku Zomba", basi.

Mwezi watha ndinapitako. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Kodi bambo, zoona munthu wa pano n'kufika ku yunivesite?" Taganizani, Chanco ili m'boma lomweli, koma mwanayu anali asanaonepo wapasukulu pakepo amene anafikako. Alipo ndithu, kungoti sabwerera.

Mlandu ndi wathu, ife obisalafe. Tisadikire kulemera. Tisankhe tsiku limodzi pachaka, tipiteko ndi buku limodzi, ngakhale chimanjamanja. Anawa akufunika atione kaye kuti tilipo.