Zinyalala Zotayira Kumwamba

Mphunzitsi akaona mwana ataponya pepala pabwalo la sukulu, amuitana namuuza kuti alitole. Mwana wokana alandira chilango, ndipo makolo sadandaula, pakuti onse adziwa kuti kusamala malo ndi mbali imodzi ya maphunziro. Koma pali mwambo wina umene unakula m'masukulu a ku America ndi a ku Ulaya. Pa mwambo umenewu mphunzitsi yemweyo apatsa ana mazanamazana chinyalala chimodzichimodzi m'manja, nawerenga kufikira katatu, nawauza kuti achitaye onse pamodzi. Makolo aomba m'manja, wojambula zithunzi ajambula. Chinyalalacho ndi baluni, ndipo chisiyana ndi pepala lija pa chinthu chimodzi chokha: pepala ligwa pomwepo pamene onse aliona, koma baluni ikagwa kutali, m'munda mwa munthu amene sanaitanidwe kuchikondwereroko.

Zimenezi zichitika pa tsiku lotsekera sukulu, pa tsiku lopereka masatifiketi, pa mpikisano wa mpira, pena posonkhetsa ndalama zothandizira osauka, penanso pokumbukira mwana kapena mphunzitsi amene anamwalira. Ife tinena poyera kuti mwambo umenewu ndi woipa. Kumene ulipo uyenera kuleka, ndipo kumene sunazike mizu, makolo asaulole.

Tiyambe taona mayendedwe a baluniyo. Baluni imene mwana auzira ndi pakamwa siikwera kumwamba, chifukwa mpweya wa m'chifuwa mwake suli wopepuka koposa mpweya wa panja. Mabaluni ouluka aja awathira mpweya wina wotchedwa heliyamu, umene uli wopepuka kwambiri, motero baluni iyandama mumlengalenga monga chikho chiyandama pamadzi. Baluni ya mphira yomangidwa bwino ikhoza kukwera makilomita 8. Kumwambako kuzizira koopsa, ndipo mpweya wa kunja uchepa mphamvu yake yokanikiza, tsono wa m'kati ufutukuka kufikira baluni iphulika. Mphirayo ing'ambika mizeremizere nigwa pansi pamodzi ndi chingwe chake. Mabaluni ena saphulika konse. Angophwa pang'onopang'ono, mphepo niwatenga ulendo wa makilomita mazana. Koma palibe ndi imodzi yomwe imene itsala kumwamba. Sukulu ikaulutsa mabaluni 500, yataya zinyalala 500, ndipo zonsezo zidzatera pamtunda, mumtsinje kapena panyanja.

Nanga pamenepo chichitika nchiyani? M'nyanja yamchere muli tinyama tofewa toyandama, tokhala ndi miyendo yolendewera ngati ulusi, timene akamba a m'nyanja ndi mbalame adya. Baluni yong'ambika mizeremizere ifanana nato ndithu, ndipo nyama yanjala siifunsa. Akatswiri a ku Australia anang'amba mitembo ya mbalame za kunyanja 1,733, za mitundu 51, nafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 2019. Pafupifupi mbalame imodzi mwa zitatu zilizonse inali itameza zinyalala. Zambiri mwa zinyalalazo zinali tizidutswa ta pulasitiki yolimba, koma zimene zinapha mbalame koposa muyeso wake zinali zofewa, makamaka mabaluni. Anawerengera kuti mbalame yomeza baluni ili pangozi ya imfa yoposa nthawi 32 ngozi ya mbalame yomeza pulasitiki yolimba. Chifukwa chake nchomveka ngakhale kwa munthu amene sanaonepo nyanja yamchere. Kanthu kolimba kayenda m'matumbo nikatuluka, koma mphira yofewa ipindika, imamatira, nitseka njira ya chakudya. Mbalameyo ifa ndi njala pakati pa nsomba zambiri.

Wina anganene kuti za mbalame za ku Australia nzakutali. Tsono tamverani za ng'ombe. M'chaka cha 2011 sukulu ina ya pulayimale ya mu London inaulutsa mabaluni posonkhetsa ndalama za chifundo. Ena mwa mabaluniwo anayenda makilomita ngati 80 nakatera m'busa la mlimi wina m'dera la Kent, ndipo ng'ombe yake yamphongo inatsamwa nawo nifa. Mlimiyo anadziwa kumene anachokera, nadandaula, nalipidwa. Iye anali ndi mwayi, pakuti mabaluni ambiri sanena kwawo. Mwini ziweto angopeza chiweto chake chikuonda, chikukana msipu, ndipo sadziwa khomo limene angakapereke mlandu. Anthu amene anakondwa tsiku lija sadzamva konse kuti chikondwerero chawo chinalipiridwa ndi munthu wina. Ichi ndicho chitipweteka koposa pa nkhani yonseyi. Munthu wotaya zinyalala pakhomo pa mnzake usiku timuyesa woipa mtima. Kodi asanduka wabwino chifukwa wazitaya masana, pali ng'oma ndi nyimbo?

Ogulitsa mabaluni ali nalo yankho lawo, ndipo tiyenera kulimva. Iwo ati baluni ipangidwa ndi mphira, mphira ichokera ku utomoni wa mtengo, motero iola yokha monga tsamba. Nzoona kuti mphira ichokera kumtengo; amene anadutsa ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay, anaiona mitengoyo ndi tizikho take tolandirira utomoni. Koma utomoni umenewo sufika kusitolo monga unatulukira mumtengo. Kufakitale ausakaniza ndi sulufule, ndi utoto, ndi mankhwala ena, cholinga chake nchakuti ulimbe ndipo usaole msanga. Chubu cha njinga nachonso ndi mphira. Ndani anakwirira chubu m'munda nakachipeza chitasanduka manyowa? Akatswiri a pa yunivesite ya Tasmania anayesa nkhani imeneyi, nafalitsa zotsatira zake m'chaka cha 2020. Anaika mabaluni m'madzi abwino, m'madzi amchere ndi m'dzenje la manyowa kwa masabata 16, ndipo ena mwa mabaluniwo anali olembedwa kuti ndi oola okha. Atawatulutsa anawapeza akali mabaluni ndithu. Ndipo ngakhale titavomera kuti baluni idzaola chaka chamawa, mbuzi siidikira chaka chamawa, ifika lero. Za chingwe chake ogulitsa sanenapo kanthu, pakuti kawirikawiri ndi riboni ya pulasitiki imene ikola mbalame miyendo ndi mapiko. Palinso mabaluni onyezimira ngati siliva, amene saola konse, ndipo akagunda mawaya a magetsi athetheka moto, mudzi wonse nukhala mumdima.

Pali tsiku limodzi limene anthu a ku America saliiwala pa nkhani imeneyi. Pa 27 September 1986, mumzinda wa Cleveland, m'chigawo cha Ohio, bungwe lachifundo la United Way linafuna kuulutsa mabaluni ochuluka koposa amene anaulutsidwapo pa dziko lonse. Anamanga chimpanda chachikulu pabwalo la pakati pa mzinda nachiphimba ndi ukonde. Anthu ngati 2,500, ambiri a iwo ana a sukulu, anagwira ntchito yothira mpweya kwa maola ambiri, ndipo ana ena anali atayenda m'makomo kupempha ndalama za mabaluniwo. Poona kuti mvula ili pafupi, akuluakulu anachotsa ukonde nthawi yake isanakwane, ndipo mabaluni 1,429,643 anakwera ngati mtambo, naphimba nyumba zazitali za mumzindamo. Khamu la anthu linafuula ndi chimwemwe. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphepo yozizira ndi mvula zinakankhira mabaluniwo pansi asanaphulike. Anagwa m'misewu nasokoneza oyendetsa magalimoto. Bwalo lina la ndege linatseka njira yake kwa kanthawi. Akavalo pafamu ina anadzidzimuka nadzivulaza. Ndipo mabaluni osawerengeka anatera pa nyanja ya Erie, imene ili m'mbali mwa mzindawo.

Tsono pa nyanja imeneyo panali asodzi awiri amene anali atasowa; bwato lawo linapezeka lopanda munthu. Asilikali opulumutsa anthu panyanja anali kuwafuna ndi maboti ndi ndege. Munthu wofunafuna womira ayang'ana mutu woyandama kapena jekete lowala, koma tsikulo madzi onse anadzala ndi tinthu tozungulira towala, tofanana ndi mitu ya anthu. Patapita masiku awiri kufunafunako kunalekeka, ndipo pambuyo pake mitembo ya asodziwo inapezeka pagombe. Sitinena kuti mabaluni ndiwo anawamiza. Tinena kuti pa maola amene ofunafuna anasowa madzi oyera, anapatsidwa madzi ophimbika, ndipo amene anawaphimba anali anthu abwino, ofuna kuthandiza osauka. Mkazi wa mmodzi wa asodziwo anasumira bungwelo, ndipo mlanduwo unathera kunja kwa khoti. Mabaluni ena anakatuluka kutsidya, pagombe la dziko la Canada, anthu a kumeneko nawatola okha.

Ena adzati, "Amenewo anachulutsa, ife tiulutsa makumi asanu okha, ndipo ana akondwa." Zoona, ana akondwa. Ana akondwanso kutentha tchire poona malawi, koma munthu wamkulu sawapatsa machesi chifukwa cha chimenecho. Ndipo taganizani chimene mwanayo aphunzira pa mphindi imene atsegula dzanja lake. Chaka chonse anamuuza kuti chimene wataya chikhala chako kufikira utachiika m'dzala. Tsiku lomaliza, pamaso pa makolo ndi alendo olemekezeka, amuonetsa kuti chinthu chikachoka m'maso ndiye kuti chatha. Phunziro lachiwirili ndilo akumbukira, chifukwa linabwera ndi nyimbo ndi zovala zatsopano. Akuluakulu ambiri amene athira zoipa mumtsinje ayendera nzeru yomweyo, yakuti madzi adzapita nazo kumene iwo sakuona.

Za maliro tinena mofatsa. Ana amene anataya mnzawo afuna kuchita kanthu ndi manja awo, ndipo mtima umenewo ngwabwino. Koma kuwauza kuti baluni ikafika kwa mnzawoyo ndiko kuwanamiza pa tsiku limene asowa choonadi. Mtengo wobzalidwa pabwalo la sukulu, umene kalasi lake liuthirira, udzakhalapo anawo atakula.

Mpweya wa heliyamu nawonso suli wotayira. Supangidwa m'fakitale; upangika pansi pa nthaka pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni, ndipo anthu aupeza m'malo owerengeka, kawirikawiri pamodzi ndi gasi wa pansi. Ukathawira mumlengalenga palibe aubweza. M'zipatala ndiwo uziziritsa makina a MRI, amene dokotala aonera m'kati mwa mutu kapena msana wa wodwala osamung'amba. Pamene akatswiri analengeza m'chaka cha 2016 kuti apeza heliyamu wambiri kufupi ndi nyanja ya Rukwa ku Tanzania, nkhaniyo inamveka pa dziko lonse, chifukwa mpweyawo ndi wosowa.

Chotitonthoza nchakuti eni mwambowo ayamba kuutaya. Ku Gibraltar ankaulutsa mabaluni 30,000 ofiira ndi oyera chaka ndi chaka pa tsiku la dziko lawo, koma analeka m'chaka cha 2016. Yunivesite ya Clemson ku South Carolina, imene inkaulutsa mabaluni 10,000 pa masewera ake a mpira, inaleka mu 2018, ndipo mpira sunaleke kuseweredwa. Chigawo cha Virginia chinaika lamulo mu 2021 lolipiritsa madola 25 pa baluni iliyonse youlutsidwa dala, ndipo Florida mu 2024 inaika kuulutsa baluni m'gulu la milandu ya kutaya zinyalala. Ku Britain makhonsolo ambiri aletsa mwambowu pa malo awo.

Kuno kwathu mabaluni tiwaona m'matauni, pa maukwati ndi pa tsiku limene tiana ta sukulu ya mkaka tivala mikanjo ndi zisoti. Ambiri ndi ouzira ndi pakamwa, omangirira pakhomo ndi pamsasa, ndipo amenewa alibe mlandu ngati atoledwa mwambo utatha. Koma zimene anthu aona pa foni afuna kuzichita, ndipo zingakhale zamanyazi kuti ife titole mwambo umene eni ake akuutaya. Dziko lathu lili kale ndi katundu wolemera wa majumbo. Boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe aliyense amene anaimapo pamene aphera mbuzi adziwa zimene zituluka m'chifu. Mbuzi zathu sizikhala m'khola masana. Ziyenda ponseponse ndi kulawa chilichonse. Ndipo mitsinje yambiri ya dziko lino ithera m'nyanja zimene tidyamo chambo ndi usipa.

Inu amene mukhala m'komiti ya sukulu, ndalama za tsiku lotsekera zidutsa m'manja mwanu. Wina akabweretsa ganizo la kuulutsa mabaluni, mufunseni kumene adzatera ndi dzina la munthu amene adzapita kukawatola. Akalephera kuyankha, chotsani mzere umenewo papepala la ndalama. Ng'oma zilipo, kwaya ilipo, ndipo ana adziwa kupanga makaiti a mapepala amene auluka nabwerera m'manja mwa mwini. Ngati makolo afuna mabaluni okongoletsera msasa, akhale ouzira ndi pakamwa, omangidwa zolimba, ndipo alendo akabalalika mphunzitsi wamkulu asankhe ana a kalasi lalikulu kuti awamasule, awaphulitse, ndi kuika zidutswa zake pamodzi ndi zingwe zomwe m'dzala lakuya kumene mbuzi sizifika.