Tisataye makompyuta akale a m'masukulu athu

Kompyuta ya pa sukulu ikayamba kucedwa kuyaka, maganizo a ambiri kuno kwa Chifunda amathamangira ku CDF: tilembe kalata atigulire yatsopano. N'zoona kuti thumbali linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Koma ndalama zomwezo zikudikiridwa ndi madesiki, zipatala, milatho ndi ana ofuna thandizo la fizi. Ife tikuti tiyambe tatsegula makina amene tili nawo kale.

Sitinaiwale za 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta, ndipo m'masukulu ambiri anadikirana mpaka usiku cifukwa makina anali ocepa.

Makompyuta ambiri amene timati anafa ali ndi moyo. Cimene cimatopa msanga ndi hard disk, kambale kozungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, kokhala ndi kansingano kowerengera. Tsono taganizani kambale kotere kakudumphadumpha pa njinga yamoto m'msewu wocokera ku Lundazi! SSD ilibe cozungulira ciliconse. Siopa mabampu, imayatsa kompyuta msanga, ndiponso imadya moto wocepa, imene ndi nkhani yaikulu kwa ife odalira sola ndi batire.

Ogulitsa m'tauni adzakuuzani kuti ya 120GB ndi yaing'ono. Yaing'ono kwa yani? Windows, Word, Excel ndi mapepala a mayeso akale zimakwanamo bwino lomwe. Amene imawacepera ndi aja osunga mafilimu, ndipo sukulu si nyumba yoonetseramo vidiyo. Hard disk yakale, ngati ikali kugwira nchito, iikidwe m'kabokosi ka USB ikhale nkhokwe, pakuti SSD kawirikawiri imafa mosadwala.

Wopita kukagula aone coyamba ngati makinawo ali ndi polowetsera pa SATA, ndipo abwere ndi lisiti, cifukwa zacinyengo ziliko. RAM ikhale 4GB kapena kuposa. Tidziwenso kuti Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makina akale ambiri salandira Windows 11. Otere angaikidwe Linux Mint, imene ndi yaulere.

Tipempha a mahedi athu ndi makomiti a PTA kuti, asanalembe kalata ku Chama, awerenge makina onse ali m'sitolo ndi kuitana wodziwa awayese imodzi imodzi.