Kambuku wakuda wa pa WhatsApp

Chaka sichitha kuno ku Blantyre osamva kuti kwinakwake kwaoneka chilombo. Lero akuti chatsika m'phiri la Michiru n'kugwira mbuzi ku Chilomoni. Mawa akuti olawirira kuntchito achiona chikuwoloka msewu ku Machinjiri. Pofika mkuja uthenga uja wafika ku Bangwe, chilombo chakula, chada bii, maso ngati makala a moto. Chichokereni filimu ya Black Panther mu 2018, achinyamata anachipezeranso dzina. Chithunzi chimene chimatsagana ndi uthengawo chimakhala chosaoneka bwino, ndipo ukafunsa amene wajambula, aliyense amati, "Anditumiziranso ine."

Owerenga angapo andifunsa kuti kodi nyama imeneyi ilikodi. Iliko, koma si mtundu wina wa nyama. Ndi kambuku yemweyo amene ena timati nyalugwe, kungoti wabadwa wakuda. Khungu ndi ubweya wake zili ndi utoto wakuda wochuluka, ndipo chibadwa chimenechi amachitenga kwa makolo onse awiri. Akambuku awiri amawangamawanga angathe kubereka mwana wakuda pakati pa abale ake amawanga. Mawangawo satha, dzuwa likamuwomba bwino amaoneka pansi pa kudako. Ku South America dzina lomwelo la panther amatchulira nyama ina, jaguar, ikabadwa yakuda.

Akambuku akuda amachuluka m'nkhalango zowirira za ku Asia, makamaka ku Malaysia, kumene mdima wa m'nkhalango umawathandiza kubisala. Kuno ku Africa ndi osowa kwambiri. Mu 2018 akatswiri a San Diego Zoo anatchera makamera odzijambulira okha ku Laikipia m'dziko la Kenya n'kujambula kambuku wakuda wamkazi, ndipo mu 2019 wojambula zithunzi wa ku Britain, Will Burrard-Lucas, anatulutsa zithunzi za kambuku wakuda wa kudera lomwelo zimene zinazungulira dziko lonse. Zinatchuka chifukwa umboni wodziwika wa mtundu umenewu mu Africa unali chithunzi cha ku Ethiopia cha mu 1909. Anthu ophunzira, okhala ndi zipangizo, anadikira nthawi yonseyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ife akuti timamuona sabata ndi sabata kuseri kwa chigayo.

Tiyang'ane mapiri athuwa. Kambuku amafuna tchire lobisalamo ndi nyama zodya monga agwape ndi anyani. Phiri la Ndirande linali ndi mitengo mpaka m'zaka za m'ma 1990, lero ndi miyala ndi minda ya chimanga. Ku Soche, kumtunda kwa Zingwangwa ndi Chilobwe, nyumba zakwera mpaka m'chiuno mwa phiri. Kwatsala Michiru, malo otetezedwa, koma nakonso otcha makala akumeta usiku ndi usana. Akambuku amene boma lingawalozere chala pafupi ndi ife ali ku Majete m'boma la Chikwawa, makilomita pafupifupi 70 kuchokera mu mzinda uno. Kumenekonso anali atatheratu chifukwa cha opha nyama mozemba, mpaka bungwe la African Parks, limene linayamba kuyang'anira malowo mu 2003, linakatenga ena ku South Africa mu 2011. Mikango inabwera mu 2012. Malowo ali ndi mpanda wa magetsi.

Sindikunena kuti kambuku sangafike m'tauni. Ku Mumbai m'dziko la India akambuku amakhala moyandikana ndi nyumba za anthu, namadya agalu oyendayenda. Ndi nyama yochenjera, yoyenda patali usiku. Koma amasiya zizindikiro. Mapazi ake ndi obulungira ndipo saonetsa zikhadabo, chifukwa amazibweza poyenda monga mphaka wa pakhomo. Mapazi a galu ndi a fisi amaonetsa zikhadabo m'matope. Kambuku amaluma pakhosi n'kukokera nyama pobisika, kawirikawiri m'mwamba mwa mtengo. Kulira kwake kumamveka ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo. Akamati chilombo chagwira nkhuku zisanu n'kusiya nthenga mbwee pakhola, ine ndimayamba ndaganizira galu wa aneba kapena vumbwe.

Fisi ndiye aliko ku Michiru, ndipo a ku Chilomoni amamumva. Iyeyo ndi woyenera kumuopa, makamaka akadwala chiwewe. Mu 2003 chilombo china chinapha anthu atatu m'boma la Dowa n'kuvulaza ena ambiri, anthu zikwizikwi anathawa m'midzi yawo kukagona paboma. A zanyama zakutchire anati anali fisi wachiwewe, ngakhale anthu ambiri sanavomereze, ankati n'chamatsenga.

Kuona zilombo mumdima si matenda a Amalawi okha. Mu July 2023 apolisi a ku Germany anasakasaka mkango kunja kwa mzinda wa Berlin, ndi mfuti ndi ndege zomwe, anthu atauzidwa kuti asatuluke m'nyumba. Mapeto ake anati inali nguluwe. Ku England nkhani za amphaka akuluakulu akuda sizitha, ndipo mu 1995 boma lawo linafufuza dera la Bodmin Moor osapeza umboni. Usiku nyama iliyonse imada, ndipo mphaka akayenda pakhoma popanda chomuyerekezera nacho amakula ngati mwana wa ng'ombe.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kwa azungu nkhani zoterezi zimathera m'nyuzipepala, pamene kwathu kuno zimafuna mwini wake. Chilombo chikapanda kugwidwa, funso limasintha, anthu amayamba kufunsa kuti akuchiweta ndani. Chala chimaloza gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, kapena mlendo amene wangochita lendi kumene. Tonse tikukumbukira mu 2017, mphekesera za anamapopa zitachokera ku Mulanje ndi Phalombe kufika kuno ku Blantyre: anthu anaphedwa ndi gulu, popanda amene anaonetsa dontho limodzi la magazi opopedwa. Uthenga umene inu mukuutumiza pagulu la mpingo kapena la banki m'khonde umayenda njira yomweyo.

Mbuzi yanu ikagwidwa usiku, musalole khamu lipondeponde pamalopo. Vindikirani phazi limodzi ndi beseni, ikani bokosi la machesi pambali pake kuti kukula kwake kudziwike, mujambule. Kenako dziwitsani amfumu, apolisi ndi a Dipatimenti ya zanyama zakutchire, amene ali ndi alonda ku Michiru komweko. Nyama yotsalayo musadye. Ndipo ngati munthu walumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, muthamange naye kuchipatala tsiku lomwelo akabayidwe jakisoni wa chiwewe.